Kompyuta ikatentha: mafunso ndi mayankho pa mapulogalamu oonera kutentha, magetsi ndi mafani

Mwezi wa Okutobala ukangolowa, makompyuta amayamba kufika pa benchi yanga yokonzera ndi dandaulo limodzi: ikutentha, ikulira ngati chigayo, ikuzima yokha. Eni ake ambiri amakhala ataika kale kapulogalamu koonera kutentha, ndiye amabwera ndi chithunzi cha pa foni chodzaza manambala, ena ofiira, mtima uli m'mwamba. Mafunso ali m'munsiwa ndawayankha kambirimbiri mpaka ndinaganiza zongowalemba. Oyambirira ndi a munthu amene sanaikepo pulogalamu yotereyi. Akumapeto ndi a amene wayamba kale kutokosa.

Kodi mapulogalamu amenewa amayeza bwanji kutentha?

Sayeza kanthu, amangowerenga. M'kati mwa kompyuta muli kale tizipangizo toyeza totchedwa masensa. Tina tili m'kati mwenimweni mwa purosesa (CPU), ubongo wa kompyuta, tina mu graphics card (GPU), yojambula zithunzi za pa sikirini, tina mu hard disk kapena SSD, ndipo tina tamwazikana pa motherboard, bodi yaikulu yomwe zonse zimalumikizidwapo. Pa desikitopu pamakhala kachipu kamodzi kotchedwa Super I/O, kawirikawiri kopangidwa ndi Nuvoton, ITE kapena Fintek, komwe kamasonkhanitsa kutentha kwa pa bodi, mphamvu ya magetsi ndi liwiro la mafani. Pa laputopu ntchitoyi imagwiridwa ndi kachipu kena kotchedwa EC. Pulogalamu imagogoda kwa machipu amenewa, n'kulandira nambala, n'kuisandutsa madigiri, voltage kapena RPM, kutanthauza maulendo amene fani yazungulira pa mphindi imodzi.

Mukagwira mfundo imeneyi, theka la mafunso otsatirawa latha. Ngati wopanga kompyuta sanaike sensa pamalo ena, palibe pulogalamu ingakuonetseni za malowo. Ndipo ngati pulogalamuyo sikadziwa bwino kachipu ka pa bodi yanu, imakupatsani nambala yabodza popanda manyazi.

Windows payokha singandionetse zimenezi?

Imaonetsa pang'ono chabe. Kuyambira pa Windows 10 ya mu Meyi 2020, Task Manager imaonetsa kutentha kwa graphics card yapadera, koma kwa purosesa ayi. Pa desikitopu BIOS, pulogalamu ya pa bodi yomwe imayamba kugwira ntchito Windows isanadzuke, nthawi zambiri imaonetsa kutentha kwa purosesa ndi liwiro la mafani, ndipo mumalowamo podina Del, F2 kapena F10 kompyuta ikangoyaka. Vuto lake n'loti muli mu BIOS kompyuta sikugwira ntchito yolemera. Kuli ngati kuyeza mpweya wa wothamanga iye atakhala pa mpando.

Ndiike pulogalamu iti?

Pa Windows ine ndimayamba ndi HWiNFO, yolembedwa ndi Martin Malík wa ku Slovakia. Imadziwa machipu ambiri, imakonzedwa pafupipafupi, ndipo ndi yaulere ngati simukuigwiritsa ntchito pa bizinesi. Poitsegula chongani pa Sensors-only, apo ayi ikutsegulirani mawindo angapo amene simukuwafuna. Kuipa kwake n'koti imakhuthula zonse nthawi imodzi, mizere mazanamazana, moti woyamba kumene amatha kuthawa.

HWMonitor ya kampani ya CPUID ya ku France, yomwenso imapanga CPU-Z, pulogalamu yoonetsa za purosesa, ndi yosavuta kuwerenga, ndipo anthu ambiri amayambira pamenepo. Core Temp imangoyang'ana purosesa basi, n'kuika kanambala pafupi ndi wotchi pansi pa sikirini. LibreHardwareMonitor ndi ya aliyense, khodi yake ili poyera, ndipo inaphukira ku Open Hardware Monitor yomwe inasiya kukonzedwa. Pa graphics card pali GPU-Z ndi MSI Afterburner, pa madisiki pali CrystalDiskInfo ya ku Japan.

SpeedFan ndiyo anthu akale timaikumbukira mwachikondi, koma mtundu wake womaliza, 4.52, unatuluka mu 2016. Pa kompyuta ya nthawi imeneyo imagwirabe ntchito. Pa yatsopano musaidalire.

Zonsezi ndi zing'onozing'ono, sizikuthera bandulo. Zingapo zili ndi mtundu wosafuna kuikidwa, wongoyenda nawo pa fulashi.

Ndatsegula ndipo ndikuona manambala osawerengeka. Ndiyang'ane pati?

Pa purosesa ya Intel funani mzere wolembedwa CPU Package. Pa AMD Ryzen funani wolembedwa Tctl/Tdie. Kenaka GPU Temperature, Drive Temperature, ndi mzere wa CPU fan. Enawo asiyeni kaye.

Chachiwiri, mzere uliwonse uli ndi manambala angapo: ya pakali pano, yotsikitsitsa, yokwereratu (Maximum), ndipo pa HWiNFO palinso ya pakatikati (Average). Anthu ambiri amayang'ana ya pakali pano, yomwe ndi yosathandiza kwenikweni, chifukwa pamene mwatseka gemu kapena vidiyo kuti muone pulogalamuyo, purosesa yazizira kale. Chitani chonchi: tsegulani pulogalamu, dinani batani loyambitsanso manambala, lomwe pa HWiNFO lili ndi chithunzi cha wotchi, kenaka gwirani ntchito yanu ya masiku onse kwa theka la ola. Mukabwerera yang'anani Maximum ndi Average. Nkhani yonse ili pamenepo.

Madigiri angati ndiye oopsa pa purosesa?

Funso ili ndilo lotchuka kuposa onse, ndipo yankho lake silikhala nambala imodzi. Purosesa iliyonse ili ndi malire ake oikidwa ndi wopanga. Pa Intel malirewa amatchedwa TjMax, ndipo pa mapurosesa ambiri ndi madigiri 100. Pa AMD amasiyanasiyana: Ryzen 7 5800X ndi 90, Ryzen 7 7800X3D ndi 89, pomwe ma Ryzen 7000 wamba ndi 95. A mtundu womalizawu anapangidwa dala kuti ntchito ikalemera azikwera mpaka pa 95 n'kukhazikika pomwepo, akufinya liwiro lonse lomwe angathe. Munthu wosadziwa akaona 95 amathamangira kuzimitsa, chonsecho purosesa ikuchita zomwe inauzidwa.

Kwa zomwe ndimaona pa benchi, desikitopu yabwinobwino ikangokhala imasewera pakati pa 30 ndi 50, ikalemedwa pakati pa 65 ndi 85. Laputopu, makamaka yopyapyala, kufika 90 kapena kupitirira pang'ono pa ntchito yolemera si zachilendo. Chimene chimandidetsa nkhawa si nambala yaikulu payokha, koma nambala yaikulu pa ntchito yaing'ono. Madigiri 92 mukusintha vidiyo ndi nkhani ina. Madigiri 92 mukulemba kalata pa Word ndi matenda.

Musaiwalenso chipinda chomwe muli. Fani siipanga mpweya wozizira, imangokankha womwe ulipo. Zithunzi zambiri zomwe mumaona pa intaneti zoonetsa madigiri 32 zinajambulidwa m'zipinda za madigiri 20 kapena 22. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kunja kumafika 40 m'nyengo yotentha, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana simusiyana kwambiri ndi kunjako. Chipinda chikakwera ndi madigiri khumi, purosesa nayo imakwera ndi pafupifupi khumi. Choncho kompyuta yomweyo ingaonetse 70 ku Dedza mu Juni, n'kuonetsa 85 ku Salima mu Novembala, popanda chowonongeka chilichonse.

Ikafika pa malirepo imapsa?

Ayi. Imadziteteza magawo awiri. Poyamba imachepetsa liwiro ndi magetsi ake kuti izizire, zomwe zimatchedwa throttling. Inu mumangomva kompyuta ikulemera, mbewa ikukoka miyendo, gemu ikudukiza. Zikakanika, kutentha n'kupitirirabe, imazimitsa kompyuta yonse mwadzidzidzi, popanda uthenga, ngati magetsi azima.

Pa HWiNFO pali mzere wa Thermal Throttling womwe umalemba Yes kapena No. Ngati mu Maximum mwalembedwa Yes, ndiye kuti nthawi ina purosesa inagunda padenga. Koma samalani, pali mzere wina wa Power Limit Exceeded. Umenewu sukunena za kutentha. Ukunena kuti purosesa yafika pa mlingo wa magetsi omwe wopanga laputopu anailola kudya, ndipo pa malaputopu zimenezi zimachitika tsiku ndi tsiku.

Nambala ikudumpha kuchoka pa 45 kufika 75 m'kanthawi kochepa, n'kubwereranso. Sensa yafa?

Sinafe. Sensayo ili m'kati mwa kachidutswa ka silikoni kochepa ngati chikhadabo, ndipo mapurosesa a masiku ano amathamanga mwadzidzidzi akapatsidwa kantchito, ngakhale kongotsegula tsamba la pa intaneti, kenaka n'kugonanso. Kutentha kwa pamalo pang'ono chotero kumakwera ndi kutsika mofulumira kuposa chitsulo chozizitsira chomwe chili pamwamba pake. N'chifukwa chake ndinati muziyang'ana Average limodzi ndi Maximum.

Mapulogalamu awiri akundiuza zosiyana. Wabodza ndani?

Mwina palibe wabodza. Wina akuwerenga core (chigawo chimodzi cha purosesa) yotentha kwambiri, wina Package (purosesa yonse), wina sensa ya pa bodi yomwe ili pansi pa soketi, kutali ndi moto weniweni, ndipo onse alemba kuti CPU. Amawerenganso pa nthawi zosiyana, wina sekondi iliyonse, wina masekondi awiri alionse.

Palinso zifukwa ziwiri zakuya. Sensa ya Intel sinena madigiri mwachindunji. Imanena kuti kwatsala madigiri angati kuti ifike pa TjMax, ndiye pulogalamu imachotsera. Ngati pulogalamuyo ikuganiza kuti TjMax ndi 100 pomwe ndi 105, manambala onse asokonekera ndi asanu. Ku AMD, ma Ryzen oyambirira a 2017, 1700X ndi 1800X, ankawonjezera dala madigiri 20 pa nambala ya Tctl kuti mafani aziyamba msanga. Kutentha kwenikweni kunali Tdie. Anthu ambiri anagula zozizitsira zodula chifukwa cha madigiri 20 omwe kunalibe.

Komanso musatsegule mapulogalamu awiri kapena atatu otere nthawi imodzi. Amalimbirana khomo limodzi la kachipu komweko, ndipo mukhoza kuona nambala yachilendo ikutulukira kamodzi n'kusowa.

Pali mzere ukuonetsa -128, wina 127. Nditani?

Musachite kanthu. Kachipu ka Super I/O kali ndi malo angapo olumikizapo masensa, ndipo wopanga bodi salumikiza onse. Malo opanda sensa amatulutsa nambala yopanda mutu, kawirikawiri pa mizere ya mayina ngati AUXTIN kapena TMPIN. Chizindikiro chake n'choti nambalayo sisuntha, kaya kompyuta ikupuma kaya ikugwira ntchito, kapena imadumpha mosagwirizana ndi chilichonse. Sensa yeniyeni imatsatira ntchito. Chinthu chikanakhaladi pa 127 mukanamva fungo lake musanatsegule pulogalamu.

Laputopu yanga imazima yokha. Ndidziwa bwanji kuti ndi kutentha, poti ikazima manambala amapita nayo?

Gwiritsani ntchito logging. Pa HWiNFO pali batani pansi lomwe limayamba kulemba manambala onse mu fayilo ya CSV masekondi angapo alionse. Yambitsani, gwirani ntchito mpaka izime, kenaka yatsani n'kutsegula fayiloyo mu Excel. Pitani pa mizere yomalizira. Ngati kutentha kunkakwera mpaka pa malire, throttling italemba Yes, mlandu watha. Ngati inazima ili pa 60, kutentha mukukunamizira. Yang'anani batire, chaja, RAM kapena power supply, bokosi logawa magetsi m'kati mwa desikitopu.

Yatenthadi. Pulogalamu ingaiziziritse?

Ayi, monga thermometer ya kuchipatala sichiza malungo. Mwa makompyuta otentha amene amandipeza, ochuluka vuto lake ndi fumbi. Laputopu imakoka mpweya pansi n'kuutulutsa m'mbali kapena kumbuyo kudzera m'tizitsulo ta mizeremizere. Pakati pa fani ndi tizitsuloto pamaunjikana fumbi, ulusi wa bulangete ndi tsitsi, mpaka zimalukana kukhala kansalu kotuwa. Ndimakatola ndi kopanira n'kukatulutsa kathunthu, ngati kachigamba, n'kumuonetsa mwiniwake. Fani inali ikuzungulira ndi mphamvu zonse, RPM ili m'mwamba, koma ikuuzira pakhoma. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikani dzanja potulukira mpweya. Fani ikulira koma mpweya wochepa, ndiye kuti njira yatsekeka.

Mukamauzira ndi bulowa gwirani mapiko a fani ndi chala kapena kamtengo kuti isazungulire mopenga, apo ayi muwononga bering'i yake. Zimitsani ndi kuzula chilichonse musanatsegule.

Chachiwiri ndi thermal paste, phala lotuwa lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo chozizitsira. Pakapita zaka limauma n'kusweka ngati dothi la padambo m'chilimwe. Chizindikiro chake pa pulogalamu n'chakuti kutentha kumalumpha kufika m'ma 90 mukangoyamba ntchito, koma mpweya wotuluka uli wofunda pang'ono chabe, kusonyeza kuti moto sukuwoloka kupita ku chitsulo. Pukutani lakale, pakani latsopano pang'ono. Mankhwala otsukira mano si thermal paste, ngakhale wina anakuuzani kuti amagwira.

Chachitatu n'chaulere: chotsani laputopu pa bedi, pa pilo ndi pa miyendo, muiike pa tebulo, kumbuyo kwake mutakweza pang'ono.

Ikutentha ndisakuchita chilichonse, ndipo fumbi ndachotsa.

Mwina inu simukuchita chilichonse koma iyo ikuchita. Tsegulani Task Manager muone chomwe chikudya CPU kapena GPU. Nthawi zina ndi Windows Update kapena antivirus ikufufuza, ndipo zimatha zokha. Nthawi zina ndi kavairasi kokumba ndalama za crypto, komwe kamalowa ndi magemu ndi mapulogalamu obedwa. Tina mwa timeneti timadziwa kubisala Task Manager ikatsegulidwa. Apa logging ija imathandizanso: isiyeni kompyuta ola limodzi osaigwira, muone ngati inali pa ntchito inu kulibe.

Mzere wa +12V ukuonetsa 11.8. Power supply yanga ikufa?

Sikufa. Muyezo wa ATX, womwe ma power supply wamba amatsatira, umalola kusiyana kwa 5 peresenti mbali zonse. Choncho 12V ikhoza kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6, 5V pakati pa 4.75 ndi 5.25, ndipo 3.3V pakati pa 3.14 ndi 3.47. Chofunika kuyang'ana ndi kutsika kwake ntchito ikalemera. Ngati ili pa 12.1 popuma n'kugwa kufika 11.3 mukayatsa gemu, pamenepo pali chofufuza.

Koma pa manambala onse amene mapulogalamuwa amaonetsa, a voltage ndiwo ndimawakhulupirira pang'ono kwambiri. Kachipu koyeza sikangalandire 12V mwachindunji, ndiye bodi imayamba yaichepetsa ndi maresistor, ndipo pulogalamu iyenera kudziwa kuti ichulukitse ndi zingati kuti ibwezere nambala yeniyeni. Wopanga bodi aliyense amasankha maresistor ake. Pulogalamu ikaphonya, mumaona 8V kapena 16V pa mzere wa 12V. Bambo wina anabwera atagula kale power supply yatsopano chifukwa cha 7.9V yotereyi, ndipo yatsopanoyo itaikidwa inaonetsanso 7.9V yomweyo. Kompyuta ikanakhaladi pa 7.9V sikanayaka n'komwe.

Mukakayika, yerekezani ndi nambala ya mu BIOS, chifukwa iyo inalembedwa ndi wopanga bodi. Woweruza weniweni ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi: pa power supply wamba waya wachikasu ndi 12V, wofiira 5V, wa olenji 3.3V, wakuda ndi ground. Yezerani pa pulagi yomwe ili panja. Bokosi la power supply lenilenilo musalitsegule, muli macapacitor osunga magetsi ngakhale mutazula kukhoma.

Madesikitopu a mu ofesi a Dell, HP ndi Lenovo nthawi zambiri saonetsa mizere imeneyi, ndipo ambiri ali ndi power supply ya mtundu wawowawo. Kusowa kwa mzerewo si vuto.

Nanga Vcore, bwanji sikhazikika?

Siyenera kukhazikika. Purosesa imapempha magetsi molingana ndi liwiro lomwe ikufuna pa nthawiyo, ndiye kuona 0.7V popuma ndi 1.3V kapena kupitirira pang'ono pothamanga n'kwabwinobwino. Mzere wa VID ndi zomwe purosesa yapempha, Vcore ndi zomwe bodi yapereka.

Pali nthawi ziwiri pomwe kuyang'ana manambalawa kunali kofunikadi. Mu 2023 ma Ryzen 7000 ena, makamaka a X3D, anapsa m'soketi chifukwa cha voltage yokwera ya SoC, chigawo china cha purosesa, ndipo AMD inaika malire a 1.3V kudzera mu BIOS yatsopano. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ena a desikitopu a m'badwo wa 13 ndi 14 ankapempha voltage yopitirira, n'kumawonongeka pang'onopang'ono, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho inatulutsa microcode (malangizo a m'kati mwa purosesa) ya 0x129 yoletsa kupempha kupitirira 1.55V. Ngati muli ndi purosesa ya magulu awiriwa, mankhwala ake ndi kuika BIOS yatsopano, osati kukhalira kuyang'ana nambala.

Ingandionetse ngati magetsi a kukhoma kapena a jenereta ali bwino?

Ayi. Pulogalamu imaona magetsi amene atuluka kale mu power supply, osati 230V yolowa. Njira yodziwika ndi kukhala ndi UPS (bokosi la batire lothandiza magetsi akazima) yolumikizidwa ndi chingwe cha USB, chifukwa ma UPS oterowo amanena voltage yolowa, ndipo mapulogalamu ena amaiwerenga.

Mzere umodzi wothandiza ndi VBAT, womwe ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka 3V kosunga nthawi ndi makonzedwe a BIOS. Kakatha, magetsi akangozima kompyuta imaiwala tsiku, kenaka masamba a pa intaneti amayamba kukana kutseguka ponena kuti wotchi yanu yalakwika. Kabatireko n'kotchipa. Za batire ya laputopu, lembani powercfg /batteryreport mu Command Prompt, muyerekeze Design Capacity ndi Full Charge Capacity.

Fani ikuonetsa 0 RPM. Yafa?

Iyang'aneni ndi maso kaye. Ma graphics card ambiri amakono amaimitsa mafani dala akakhala ozizira, n'kuwayatsa kutentha kukafika cha m'ma 50 kapena 60. Malaputopu nawo amatero. Fani yolumikizidwa mwachindunji ku power supply ilibe waya wonenera liwiro, ndiye sioneka. Mafani angapo akagawana pulagi imodzi ya pa bodi, imodzi yokha ndiyo imanena liwiro lake. Ndipo pulagi yopanda fani imalemba 0 nthawi zonse.

Choopsa ndi 0 RPM pa fani ya purosesa kutentha kukukwera. Pamenepo zimitsani msanga. Kawirikawiri ndi waya wakodwa m'mapiko, pulagi yazuka, kapena fani yauma.

Musayerekeze RPM ya mafani osiyana kukula. Fani ya 120mm pa 1000 RPM ikukankha mpweya wambiri mwakachetechete, pomwe kafani ka laputopu kamafika 4000 kapena 5000 kakulira ngati udzudzu.

Ndingasinthe liwiro la mafani ndekha?

Pa desikitopu inde, ndipo malo abwino ndi mu BIOS: Q-Fan pa ASUS, Smart Fan pa Gigabyte ndi MSI. Mumajambula mzere wonena kuti pa madigiri akuti fani izithamanga mwakuti. Ubwino wa BIOS ndi woti makonzedwewo amagwira ntchito ngakhale Windows itaundana. Mukafuna kuchitira mu Windows, pulogalamu yomwe inatenga malo a SpeedFan ndi Fan Control ya Rémi Mercier. Imatha ngakhale kuuza mafani a bokosi kuti azitsatira kutentha kwa graphics card, zomwe BIOS zambiri sizitha.

Werengani mapini a fani yanu. Ya mapini atatu imayendetsedwa pochepetsa voltage, ndiye mu BIOS pulagi yake iikidwe pa DC. Ya mapini anayi imalandira 12V yonse, ndipo pini yachinayi ndiyo imailamula, ndiye iikidwe pa PWM. Fani ya mapini atatu ikaikidwa pa PWM imathamanga liwiro lonse usana ndi usiku, mwiniwake n'kumadandaula phokoso. Ngati fani ikukwera ndi kutsika mosalekeza chifukwa cha kudumpha kuja ndafotokoza pamwambapa, wonjezerani nthawi yodikira isanasinthe liwiro.

Pa laputopu mafani ali m'manja mwa EC, ndipo opanga ambiri salola pulogalamu yachilendo kulowererapo. Gwiritsani ntchito ya wopanga, monga Lenovo Vantage, Dell Power Manager kapena Armoury Crate ya ASUS. Ndipo kuchepetsa fani chifukwa ikusokosa, musanafufuze chomwe ikusokosera, ndi kutseka pakamwa mwana amene akulira njala.

Hard disk, SSD ndi graphics card malire ake ndi omwewo?

Ayi, madisiki ndi osapirira. Ma hard disk ambiri analembedwa kuti asapitirire madigiri 60, ndipo ine ndikaona yapitirira 50 ndimafuna kudziwa chifukwa. Ma SSD wamba analembedwa 70. A NVMe, mtundu wa SSD wothamanga kwambiri, amatentha msanga mukamakopera mafayilo aakulu, ndipo akapitirira amachepetsa liwiro okha. CrystalDiskInfo imaonetsanso thanzi la disiki: Good, Caution kapena Bad. Mukaona Caution yachikasu, koperani zinthu zanu lero lomwe.

Pa graphics card mupeza GPU Temperature ndi Hot Spot, yomwe ndi malo otentha kwambiri pa chipu. Hot Spot imakhala pamwamba nthawi zonse, ndipo AMD inanena mu 2019 kuti pa RX 5700 kufika 110 kuli m'malire. Chondiuza zambiri ndi mpata wa pakati pa ziwirizi. Madigiri 10 kapena 15 ndi wamba. Ukafika cha m'ma 30, phala lija lauma kapena chitsulo sichinakhale bwino.

Antivirus yanga ikuti pulogalamuyi ndi yoopsa. Ndi vairasi?

Pali mayankho awiri. Kuti ifike ku machipu aja, pulogalamu imafuna driver (kapulogalamu kolankhula ndi zipangizo) yolowa m'kati mwenimweni mwa Windows. Kwa zaka zambiri mapulogalamu ochuluka ankabwereka driver imodzi yakale yotchedwa WinRing0, yomwe ili ndi chibowo chodziwika choti pulogalamu yoipa ingadutsirepo. Mu Malichi 2025 Microsoft Defender inayamba kuigwira, ndipo Fan Control, LibreHardwareMonitor ndi ena anakodwa nawo. Sanali mavairasi, koma chenjezolo silinali lopanda pake. Fan Control inasamukira ku driver ina yotchedwa PawnIO. Choncho musathamangire kuuza antivirus kuti isiye, yambani mwaika mtundu watsopano.

Yankho lachiwiri: ikhoza kukhaladi vairasi ngati munaitenga polakwika. Mu 2022 kunabuka masamba abodza onamizira MSI Afterburner, omwe ankapereka pulogalamuyo itasakanizidwa ndi zokumba crypto ndi zoba mapasiwedi. Tengani ku tsamba la mwini wake, ndipo musadine zotsatsa zomwe zimakhala pamwamba pa zotsatira za Google.

Nanga pa Linux ndi Mac?

Pa Linux ikani lm-sensors, yendetsani sudo sensors-detect kamodzi, kenaka lembani sensors. Mukafuna zojambula pali Psensor, ndipo za madisiki pali smartctl. Pa Mac pali Macs Fan Control, TG Pro ndi iStat Menus. MacBook Air ya chipu cha M1 ndi zotsatira zake ilibe fani n'komwe, ndiye musavutike kuifunafuna.

Ndikufuna kugula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito. Mapulogalamuwa angandithandize?

Apa ndiye amabweza ndalama. Pitani ndi fulashi yokhala ndi HWiNFO, CPU-Z ndi CrystalDiskInfo za mtundu wosafuna kuikidwa, ndipo pemphani mphindi khumi ndi zisanu. Tsegulani HWiNFO, kenaka pa CPU-Z pitani pa Bench n'kudina Stress CPU, chaja ili m'kati. Dikirani mphindi khumi. Mverani fani ngati ikukhuluza, ikani dzanja potulukira mpweya, yang'anani Maximum ndi mzere wa throttling. Kukwera pang'onopang'ono n'kukhazikika m'ma 80 ndi bwino. Kugunda 100 m'masekondi ochepa kukutanthauza kuti ifunika kutsegulidwa, ndiye mtengo utsike. Ikazima pamaso panu, bwezani.

Kenaka CrystalDiskInfo ikuuzani Power On Hours, maola amene disikiyo yakhala ikuyaka. Wogulitsa akati ndi yatsopano pang'ono koma maola ali 20,000, gawani ndi 24 muone kuti ndi zaka zoposa ziwiri za kuyaka osazima. Kumbukirani kuti nambalayo ndi ya disiki, osati ya laputopu yonse, poti disiki imasinthidwa. Malizani ndi lipoti la batire lija. Wogulitsa akakana kuti mulowetse fulashi yanu poopa mavairasi, ali ndi mfundo, ndiye mupempheni atsitse yekha mapulogalamuwo pa intaneti inu mukuona.